Primus, kachigayo ndi poto wa ambuya: kodi zingagwirebe ntchito?

Funso: Ambuya anga atamwalira kumudzi ku Chadiza, tinatsegula bokosi lawo lachitsulo n'kupezamo Primus (chitofu cha palafini), kachigayo kopukusa ndi manja komangirira pa tebulo, pressure cooker (poto wotsekera nthunzi mkati) yopanda mphira wake, ndi mbale za enamel. Kuseri kwa nkhokwe kunalinso poto wa miyendo itatu, dzimbiri lokhalokha. Kuno ku Kapata malaiti ndi osadalirika, makala nawo akwera mtengo. Kodi ndiyese kugwiritsa ntchito zinthu zimenezi, kapena ndingogulitsa kwa anyamata ogula zitsulo zakutha? Ndine mayi wa ana atatu, Chipata.

Yankho: Pepani ndi zovuta zimene zinakugwerani, amayi. Anyamata a zitsulo aja auzeni ayambe adikira.

Ine ntchito yanga ndi ya zitsulo: kuwotcherera, kumata, kunola, ndi kuphunzitsa achinyamata zomwezo. Katundu ngati wanuyu amafika pa benchi yanga kawirikawiri, makamaka chiyambire 2024, chilala chitachepetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, malaiti n'kumabwera maola owerengeka pa tsiku. Anthu anayamba kufukula za m'mabokosi. Zimene ndimaona n'zakuti chitsulo chenichenicho sichifulumira kutha. Zimene zimatha ndi tizigawo tofewa, kachikopa, kamphira, kotsekera pakamwa pa thanki. Ndiye musachite mantha ndi dzimbiri kapena kuda kwa chinthucho. Dzifunseni kuti kagawo kamene kamatha ndi kati, kangapezeke kodi, nanga katalephera muli mkati mophika chingakuchitikireni n'chiyani. Kachigayo kakalephera, zowonongeka ndi nshawa za m'mbale. Pressure cooker ikalephera, chowonongeka ndi nkhope ya wophikayo.

Ndiyambe ndi kachigayo, chifukwa ndikadakhala ine n'kamene ndikadathamangira kunyamula. Simunanene mtundu wake, choncho kamasuleni kutsogolo muone. Mukapeza kampeni ka nthambi zinayi ndi kambale kozungulira ka mabowomabowo, n'kogayira nyama. Tambiri tamtunduwu tinkachokera ku England, kwa Spong, kapena ku Czechoslovakia, kwa Porkert, ndipo dzina limakhala lotumphuka pachitsulo pomwepo. Mukapeza timbale tiwiri ta mizeremizere toyang'anizana, n'kogayira mbewu, monga ka Corona kopangidwa ku Medellín, m'dziko la Colombia. Mitundu yonse iwiri ili ndi chitsulo chopotana mkati, chimene chimakankhira chakudya kutsogolo inu mukamapukusa.

Ngati ndi ka mbewu, musaganize kuti mwasiyana nako kuchigayo. Eni ake anakapangira chimanga chowiritsa, chofewa. Chimanga chathu chouma kamangochiswa n'kutulutsa misere, ndipo pofuna ufa wokwanira nsima ya banja la anthu asanu phewa limayamba lakana ufa usanadzaze bakuli. Pamene kamaonetsa mphamvu ndi pa chimera cha thobwa, soya wokazinga wa phala la ana, komanso chiponde. Kazingani nshawa, fikisani, petani, kenaka mugaye zikadali zofunda, chifukwa mafuta ake amatuluka msanga zisanazizire. Ulendo woyamba timbale tikhale totayana pang'ono, wachiwiri mumange nati ya kutsogolo ija. Nshawa za Chalimbana zimapereka chiponde chonunkhira koma cholimbirapo. MGV 4, mtundu umene unatulukira kumalo ofufuzira zaulimi a Msekera konkuno, uli ndi mafuta ambiri ndipo chiponde chake chimapakika mosavuta. Koma nsinjiro zotendera ndiwo musavutike nazo pa kachigayo. Kamafinya nshawa m'malo mozisinja, n'kukupatsani phala lomata. Pa nsinjiro mtondo ndi sefa palibe chozipambana.

Nshawazo muzisankha musanakazinge. Zofota, zakuda ndi zachuku tayani, musapatse ngakhale nkhuku. Poizoni wa chuku, uja amati aflatoxin, satha ndi moto wa pachiwaya, ndipo amawononga chiwindi mwakachetechete. Mu chiponde chogayagaya simungadziwenso kuti yoipa inali iti.

Kukatsuka n'kosavuta. Masulani zonse, kwechani ndi sitiliwaya, umitsani pafupi ndi moto, pakani saladi (mafuta ophikira) pang'ono. Musanagaye chakudya, dutsitsani dzanja limodzi la mpunga kapena chimanga n'kutaya, kuti litenge zotsalira za dzimbiri. Musamapukuse kalibe kanthu timbale titamangika, chifukwa timadyana tokhatokha ndipo fumbi lotuwa lachitsulo limadzathera m'chakudya chanu. Ngati ndi ka nyama, vuto limene ndimaliona kwambiri ndi la kampeni koikidwa chagada. Mbali yake yosalala, yakuthwa, iyenera kutsamira kambale ka mabowo. Mukatembenuza, nyama imangofinyika, mitsempha n'kukulungana mkati, munthu n'kumati chinthuchi chinatha kale. Kunola kwake, yalani sandipepala pa galasi lathyathyathya n'kumazungulitsa kampeniko pamwamba pake, kambalenso chimodzimodzi. Nyama muzikankha ndi chogwirira cha mthiko, osati chala, ndipo ana aziimira patali. Pomaliza ponyanimo chidutswa cha buledi, chimakankha nyama yotsalira mkati. China chimene anthu sachiganizira ndi pomangira. Matebulo amasiku ano apulasitiki kapena a matabwa a utuchi sapirira, amatsomphoka m'mphepete. Pezani benchi ya thabwa lenileni lochindikala.

Poto wa miyendo itatu uja dzimbiri silinamuphe. Choyamba mukolekeni pa chogwirira chake n'kumugogoda ndi supuni. Wamoyo amalira kuti ngweee, kulira kwake n'kumapita patali. Wa mng'alu amangoti phu. Kenaka mumuyang'anitse kudzuwa muone ngati pansi pake pali timabowo. Koma funso lalikulu silili pa chitsulo, lili kumudzi: kodi potoyu atasiya kuphikira ankagwira ntchito yanji? Kwathu kuno ndi dera la thonje ndi fodya, ndipo mapoto akale ambiri anathera kusungunuliramo mankhwala opopera m'munda. Ena ankasungunuliramo mtovu wa mabatire. Chitsulo chamtunduwu chili ndi timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo palibe kutsuka kumene kungakutsimikizireni kuti zonse zachoka. Funsani amene ankakhala ndi ambuya. Akakayikira, dzalanimo maluwa.

Akakuuzani kuti munkangogona nkhuku, yambani ntchito. Kwechani ndi mchenga ndi chidutswa cha njerwa mpaka chitsulo chotuwa chionekere. Pamene dzimbiri lakakamira thiranipo viniga wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana, kwa ola limodzi kapena awiri basi. Mukagoneka usiku wonse viniga amayamba kudya chitsulo chabwino. Tsukuluzani, ikani pamoto nthawi yomweyo kuti aume, chifukwa akangokhala wonyowa mphindi zochepa dzimbiri limabwerera mukuona. Akauma pakani saladi mkati ndi kunja, kenaka pukutani ndi kansanza mpaka aoneke ngati simunapake kanthu. Mukachulutsa mafuta amasanduka nkhoko yomata. Bwezeraninso pamoto mpaka utsi uleke, n'kubwereza katatu kapena kanayi. Mafuta opsawo ndi amene amapanga khungu lakuda lija loteteza chitsulo. Masiku oyamba muziphikamo zamafuta, monga nyama ya nkhumba kapena zitumbuwa. Matimati ambiri ndi lumanda zidikire kaye, chifukwa zowawasa zimasupula khungulo lisanakhwime. Ndipo musadzathire madzi ozizira mu poto wotentha wopanda kanthu, amang'aluka.

Koma ndikuuzeni zoona, potoyu sakuthandizani pa nkhani ya makala. Miyendo ija inapangidwa kuti ilowe m'malo mwa mafuwa, nkhuni n'kumasonkhezera pansi pake. Pa mbaula sakhazikika, pa chitofu cha malaiti ndiye ayi. Amachedwa kutentha, ngakhale kuti akatentha nyemba kapena ziboda za ng'ombe zimabwata tsiku lonse ndi moto wochepa. Malo ake ndi pa ukwati, pa chinamwali, pa chiliza, pamene pakuphikidwa za khamu. Ngati ndi wamkulu, muona anansi akuyamba kukudziwani.

Tsopano Primus. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu amapsa.

Chitofuchi chinayamba kupangidwa mu 1892 ku Stockholm, m'dziko la Sweden, ndipo katswiri wake anali Frans Wilhelm Lindqvist. Roald Amundsen ananyamula Primus popita ku South Pole mu 1911. Kwathu kuno ma Primus ambiri anabwera m'masutikesi a madoda obwerera kuchokera ku Bulawayo, ku Salisbury (Harare ya lero) ndi ku migodi ya ku Copperbelt, ena n'kugulidwa kwa amwenye ku Down Shops tauni ino ikadali Fort Jameson. Aphunzitsi ndi makalaliki osakwatira ndiwo ankamukonda, poti tiyi wam'mawa ankapsa munthu asanamalize kumanga nsapato.

Primus alibe chingwe chokoka mafuta monga nyali. Mukapopa, mpweya umapanikiza palafini mu thanki, palafiniyo n'kukwera m'timapaipi ta kumutu. Timapaipito tikakhala totentha kwambiri, palafini amasanduka nthunzi, nthunziyo n'kutuluka pa kabowo kochepa kwambiri, kusakanikirana ndi mpweya, n'kuyaka lawi labuluu lopanda mwaye. Chinsinsi chonse chagona pa kutenthetsa mutuwo musanapope. Mutu ukakhala wozizira, chimene chimatuluka pakabowo si nthunzi, ndi palafini wamadzi, ndipo malawi achikasu amabuka mpaka kudenga.

Musanaganize za machesi, muyeseni alibe mafuta. Khuthulani palafini wakale ngati watsalamo, tsukuluzani ndi watsopano. Tsekani kanati kotulutsira mpweya kamene kali pachivundikiro cha thanki kapena pambali pake, popani kangapo, kenaka pakani thovu la sopo m'malumikiziro onse: pakamwa pa thanki, pamene pamamatidwa miyendo, m'munsi mozungulira, ndi pakhosi polowa mutu. Thovu likamafufuma, pamenepo pakutuluka mpweya, ndipo mawa padzatuluka palafini. Kotsekera pakamwa kamasinthika. Koma mukaona timizere topyapyala ta ming'alu pa thanki yeniyeniyo, Primus ameneyo wapuma, mungomupukuta azikongoletsa kabati.

Pampu ikamangolowa lololo osagwira mpweya, kachikopa ka kunsonga kwake kauma. Solowetsani ndodo yake kunja, viikani kachikopako m'mafuta usiku wonse, katambasuleni pang'ono ndi chala. Kambiri kamatsitsimuka. Ngati kanathetheka, wosoka nsapato akhoza kukudulirani kena pa chikopa chofewa. Chizindikiro choopsa ndi ichi: mwapopa, ndodo ya pampu n'kumadzikankha yokha kubwerera kunja, kapena m'paipi ya pampu n'kuoneka palafini. Ndiye kuti kavalavu ka pansi pa pampu sikakutseka, ndipo palafini akhoza kutulukira pamenepo moto uli mkati moyaka. Zikatero pitani naye kwa mmisiri, musayatse.

Zonse zikakhala bwino, tulukani naye panja, pamalo osalala, kopanda mphepo. Thirani palafini osadzaza, musiye gawo limodzi mwa magawo anayi kuti mukhale mpweya. Kanati ka mpweya kakhale kotsegula. Pansi pa mutu pali kambale kozungulira. Dzazanimo sipiliti, uja wofiirira wa m'mashopu a hardware, tsekani botolo, liikeni patali, ndiyeno yatsani. Apa m'pamene pamafunika mtima wodekha. Lawi la sipiliti masana silioneka bwino, ndiye munthu amaganiza kuti lazima n'kuyamba kupopa, kapena choipa kwambiri, n'kutenga botolo kuti awonjezere. Dikirani mpaka sipiliti atatsala pang'ono kutha. Pamenepo tsekani kanati, popani kawiri kapena katatu. Mumva kaphokoso ka mpweya, lawi n'kugwira, kenaka n'kuyamba kulilima. Onjezerani kupopa pang'onopang'ono kufikira moto umene mukufuna. Malawi achikasu akabuka, musathire madzi, musamunyamule. Tsegulani kanati kaja. Mpweya ukatuluka palafini amasiya kukwera ndipo moto umagwa wokha. Kuzima kwake n'komweko, ndipo kuchepetsa moto ndi kutsegula kanatiko pang'ono n'kutsekanso.

Lawi likamapendekera mbali imodzi kapena kumadukiza, kabowo katsekeka ndi mwaye. Primus ankagulitsidwa ndi kasingano kake, kawaya kopyapyala kokhala ndi chogwirira chachitini. Funafunani m'bokosimo, ambuya ayenera kuti anakakulunga penapake. Kakasowa, tengani kawaya kamodzi ka m'chingwe cha buleki ya njinga. Singano yosokera ayi. Imakulitsa kabowo, ndipo kabowo kakakula moto umakhala wachikasu mpaka kalekale.

Petulo musamuyandikize n'komwe. Nthunzi yake imayaka ngakhale kuli kozizira, ndipo mukatsegula kanati kuti muzime, imene imatuluka pafupi ndi lawi ndi nthunzi yomweyo. Dizilo amatseka timapaipi ndi mwaye. Musaphikire m'chipinda chotseka mazenera, chifukwa Primus, monganso mbaula, amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo koma wakupha. Poto wotambalala kwambiri amabwezera kutentha pa thanki, ndipo mtovu womatira miyendo ukhoza kufewa. Nanga nsima? Kapoto ka munthu mmodzi kapena awiri n'kotheka. Koma nsima ya banja yofuna kuthyakula ndi manja awiri, pa timiyendo titatu topyapyala tija, ndi ngozi yochita kuitana. Motonso umalasa pakati pokha, pansi n'kupserera m'mbali musanapse. Primus ndi wa tiyi, phala, mazira, kapenta, kutenthetsa ndiwo za dzulo.

Ndiye kodi akupulumutsirani ndalama? Ine ndikukayika. Palafini masiku ano sapezeka paliponse monga kale, ndipo kuyatsa kulikonse kumafuna sipiliti. Yambani mwazungulira m'tauni muone kumene mungamugule ndi mtengo wake, muyerekeze ndi thumba la makala kapena kudzazitsa gasi. Phindu lake lenileni ndi liwiro. Lita imodzi ya madzi imawira m'mphindi zochepa, pamene mbaula ikadali kufuka utsi. M'mawa malaiti atapita, ana akuchedwa kusukulu, pamenepo mudzawathokoza ambuya. Koma poti muli ndi ana, palafini musamusunge m'botolo la zakumwa. Amaoneka ngati madzi. Mwana akamwa musamusanzitse, chifukwa posanza palafini amalowa m'mapapo, ndipo ndi kumeneko kumene amapweteka kwambiri. Thamangirani naye kuchipatala.

Pressure cooker yokha ndikukanizani. Nzeru yake ndi yabwino ndithu, ndipo ndi yakale kuposa mmene ambiri amaganizira, poti Denis Papin anaionetsa ku London mu 1679. Chipata ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye madzi kuno amawira asanafike madigiri 100, cha m'ma 96. Mu poto wotsekeka bwino nthunzi imapanikizika ndipo kutentha kumayandikira madigiri 120, n'chifukwa chake nyemba za maola atatu zimapsa ola lisanakwane. Pa zonse zimene muli nazo, ichi chokha n'chimene chikadachepetsadi makala. Koma yanuyo ilibe mphira, ndipo mphira wa pressure cooker amayenderana ndi mtundu ndi kukula kwake. Wodula pa chubu cha galimoto amasungunuka n'kununkhitsa chakudya, kapena amafwamphuka nthunzi itadzaza. Kamphira kena kakang'ono ka pachivundikiro, kamene kamayenera kuphulika koyamba zinthu zikavuta, pa zaka zonsezi kanauma gwa. Zambiri zakale zilibenso loko woletsa kutsegula mkati mukadali nthunzi. Iphikireni ngati poto wamba wochindikala, chivundikiro chongoika pamwamba osakhoma. Mukadzapeza ndalama gulani yatsopano imene mphira wake amagulitsidwa m'shopu yomweyo, ndipo nyemba musamapitirize theka la poto, chifukwa thovu lake limatseka kabowo ka nthunzi.

Mbale za enamel ndi chitsulo chokutidwa ndi galasi. Zimene mkati mwake ndi moyera, mosasupuka, dyeranimo. Zosupuka mkati zikhale zoikamo anyezi ndi matimati osadula, chifukwa tizidutswa ta galasilo timapitiriza kugwera m'chakudya. Zamitundu yowala mkati, zofiira, zachikasu, zaolenji, ndimazikayikira, poti utoto wakale wamtunduwu nthawi zina unkakhala ndi mtovu kapena cadmium. Musasungiremo thobwa kapena ndiwo zowawasa.

Za kugulitsa, anyamata aja amagula pa sikelo, ndipo sikelo sidziwa kuti kachigayo kakugwira ntchito. Ngati pali chimene mwatsimikiza kuti chatha, monga Primus wa thanki yong'aluka, dziwani kuti thankiyo ndi ya mkuwa wachikasu, umene mtengo wake pa kilo umaposa wa chitsulo wamba. Tengani maginito a sipikala ya wailesi yakufa muyese: pa chitsulo amamata, pa mkuwa samata. Musalole kuti aziponye pa sikelo mulu umodzi. Komanso uyu ndi katundu wa malemu. Amayi anu aakulu ndi aang'ono komanso amalume ayambe amva kanthu kasanatuluke pakhomo. Pofunsapo mufunsenso ngati mwa iwo muli amene ankayatsa Primus ameneyu ali mtsikana. Ngati alipo, mutumizireni ya basi, adzayatse ndiye ulendo woyamba inu mukuonerera.